Meatloaf ikunyenyeka podula, m'mbali mukuuma: cholakwika n'chiyani?

WoyambaKumene

Akuluakulu odziwa za kukhitchini, ndithandizeni pa nkhani ya meatloaf, ija nyama yogaya imene amaiumba ngati lofu ya buledi n'kuiwotcha mu uvuni. Ikumatuluka ndi mavuto atatu nthawi imodzi. M'mbali mukumauma gwa, pakati pakumakhala tepetepe, ndipo mpeni ukangolowa yonse ikumanyenyeka, osapezeka ngakhale chidutswa chimodzi choima pachokha. Pansi pa chitini pakumadzaza madzi osakanikirana ndi mafuta, pamodzi ndi tinthu tina totuwa tangati thovu loundana.

Muyeso wake ndi uwu: nyama ya ng'ombe yogaya kilogalamu imodzi, ya mnofu wokhawokha, dzira limodzi, anyezi wamkulu mmodzi wosaphika, nyenyeswa zouma za buledi theka la kapu, mchere ndi tsabola mongoyerekeza. Zonsezi ndikumatsendera m'chitini chophikira buledi, tomato sosi pamwamba, uvuni pa madigiri 220, mphindi 45, n'kudula ikangotuluka.

Ndiwonjezere mazira kodi, kapena vuto lili pena?

AnyeziNdiAdyo

Mwachita bwino kulemba muyeso wonse, chifukwa matenda ake akuonekera momwemo. Dzira muwonjezeradi, koma silo mwini nkhani. Tiyambe ndi nyamayo.

Mnofu wokhawokha ndi wabwino pa zina, osati pano. Nyama ikamatentha timinofu take timakhwinyata n'kufinya madzi amene anali mkati, monga mmene dzanja limafinyira chinkhupule. Madzi mukuwapeza pansi pa chitiniwo ndi amenewo. Anayenera kukhala mu nyama, athawira kunja. Mafuta ndi amene amachititsa kuti nyama imveke yofewa m'kamwa ngakhale madzi ena atatuluka. Funani nyama yogaya yoti magawo 20 pa 100 alionse ndi mafuta. Pa paketi amalemba 80/20 kapena 20%. Akachepera 15, muyembekezere kuuma. Akapitirira 25, lofu imafota kwambiri n'kumasambira m'mafuta. Ngati sanalembe kanthu, maso akuthandizeni: ikhale ndi timadontho toyera paliponse, osati yofiira psuu. Amene amadya nkhumba asakanize magawo awiri a ng'ombe ndi gawo limodzi la nkhumba, imafewa mosangalatsa. Amene sadya, ng'ombe yonona payokha ndi yokwana.

Tsopano pamene pagona nkhani ndi pa nyenyeswa zoumazo. Mukazithira zili zouma, ndipo mulibe mkaka kapena madzi alionse m'muyeso wanu, zimayamwa madzi a nyama yomweyo. Buledi ayenera kulowa atamwa kale. Pa kilogalamu imodzi ya nyama tengani buledi wogona, wochotsa khungu lake, magalamu 100, omwe ndi masilayisi atatu kapena anayi. Munyenyeni m'mbale, thirani mkaka mamililita 150, musiyeni mphindi 10, kenako mphwanyeni ndi foloko mpaka akhale ngati phala lolimba, lopanda mibulu. Ngati muli ndi nyenyeswa zouma za m'paketi, magalamu 75 ndi mkaka mamililita 180, chifukwa zouma zimamwa kwambiri.

Phala limeneli limagwira ntchito ziwiri. Sitachi wa mu buledi akatentha amatupa n'kusunga madzi, moti msuzi wa nyama ukafuna kuthawa umakodwa momwemo. Komanso limalowerera pakati pa timinofu, n'kutilepheretsa kukumbatirana mpaka kuuma gwa. Ena amaona ngati buledi ndi wongochulukitsira nyama kuti ikwanire anthu ambiri. Zimenezo n'zoona pang'ono, ndipo ku America chakudyachi chinafala kwambiri m'zaka za m'ma 1930, nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, pa chifukwa chomwecho. Koma ngakhale mutakhala ndi nyama yochuluka bwanji, musamuchotse buledi. Popanda iye mwaphika chinthu china, chibaga (burger) chachikulu cholimba. Oats nawonso amatheka, magalamu 80, koma aviikeni mphindi 15 mpaka 20. Wosamwa mkaka agwiritse ntchito msuzi wa nyama wozizira, muyeso womwewo.

Mazira akhale awiri pa kilogalamu. Dzira likapsa limaundana n'kumanga zonse pamodzi. Limodzi ndi lochepa, n'chifukwa china chikunyenyetsa lofu yanu. Mukafika anayi, mudzadya chinthu chonjanja ngati labala, chonunkhira mazira kuposa nyama.

Anyezi wosaphika ndi mdani wina. Pakati pa meatloaf kutentha kumangofika madigiri 70 ndi pang'ono, pomwe anyezi amafuna koposa pamenepo kuti afewe. Ndiye amatuluka ali khirichikhirichi, atatulutsa madzi ake mkati mwa lofu, ndipo chidutswa chilichonse chachikulu cha anyezi chimakhala ngati mwala m'njerwa, pamene mng'alu umayambira. Mduleni tizidutswa ting'onoting'ono, mkazingeni m'supuni yaikulu imodzi ya mafuta pa moto wapakati kwa mphindi 8 kapena 10, mpaka afewe ndi kuwala, osati kupserera. Adyo alowe pa mphindi yomaliza yokha. Mukafuna karoti, mpaleni pa gireta n'kumukazinga limodzi. Zikatero zisiyeni zizizire. Mukazithira zili zamoto zimasungunula mafuta a nyama isanalowe n'komwe mu uvuni.

Za mchere, kuyerekeza kusiyeni, chifukwa simungakonze ikapsa. Magalamu 10 mpaka 12 pa kilogalamu ya nyama, omwe ndi masupuni aang'ono awiri osasefukira a mchere wosalala. Mukathira Worcestershire sosi kapena tchizi, zomwe zili kale ndi mchere, tsikani pa supuni imodzi ndi theka.

Zonse pamodzi zikhale motere:

nyama yogaya ya 80/20, kilogalamu 1
buledi magalamu 100 woviikidwa mu mkaka mamililita 150
mazira 2
anyezi wapakati 1 ndi timagawo 2 ta adyo, zokazinga
mchere supuni yaing'ono 1 ndi theka
tsabola wakuda theka la supuni yaing'ono
Worcestershire sosi supuni yaikulu 1
masitadi supuni yaing'ono 2
thyme wouma supuni yaing'ono 1, kapena parsley wamuwisi wodzaza dzanja

Ndondomeko yothirira nayonso ili ndi ntchito. Yambani mwatakasa phala la buledi, mazira, anyezi, mchere ndi zokometsera zonse mpaka zikhale chinthu chimodzi. Nyama ibwere pomaliza, mukuinyenya pamwamba pake. Mukatero simuchedwa kusakaniza, ndipo mchere sudzaunjikana mbali imodzi. Musakande kwambiri.

Musanaumbe lofu, tapani kakang'ono ngati supuni, kaphwatalaleni n'kukakazinga m'chiwaya mpaka kapse, mulawe. Mchere ukachepa, nthawi yokonza ndi yomweyo. Yaiwisi musalawe.

MpeniWakuthwa

Zomwe afotokoza a AnyeziNdiAdyo pa buledi ndi mkaka n'zoona zokhazokha. Koma mawu akuti musakande kwambiri ndikufuna ndiwawongole pang'ono, chifukwa munthu amene lofu yake ikunyenyeka akawamva molakwa adzangoigwedeza kawiri n'kusiya, ndiye vuto lipitirira.

Mchere ukakhudza nyama yogaya umasungunula puloteni wina wotchedwa myosin, amene amanata. Ndi iyeyu amene amapangitsa soseji kugwirana. Mu meatloaf timamufuna pang'ono: wokwanira kumata lofu kuti idulike, koma osati mpaka ikhale soseji. Sakanizani ndi dzanja, zala zotambasula, mukunyamula za pansi kubweretsa pamwamba, pafupifupi mphindi imodzi. Chizindikiro chake n'chosavuta. Tapani chodzaza dzanja, tembenuzani chikhatho chiyang'ane pansi. Ikangogwa nthawi yomweyo, pitirizani pang'ono. Ikakangamira masekondi angapo, basi, lekani. Ikafika poti yasalala ngati phala la mtundu umodzi ndipo ikusiya mafuta oyera m'mbali mwa mbale, mwapyola. Nyama ikhale yozizira, yochokera mu furiji, kuti kutentha kwa manja kusasungunule mafuta.

Tsono madigiri 220 aja. Pamenepo ndi pamene pakuchokera kuuma kwa m'mbali ndi kusapsa kwa pakati. Lofu ndi chinthu chochindikala, ndipo kutentha kumayenda pang'onopang'ono kuchoka kunja kupita pakati. Mukakweza moto simufulumizitsa ulendowo kwenikweni, mumangowotcha kunja. Ikani pa 175 kapena 180. Ngati uvuni wanu uli ndi fani, 160. Uyambe watentha mphindi 15 lofu isanalowe, ndipo muiike pa shelufu yapakati. Kilogalamu imodzi imatenga mphindi 60 mpaka 75. Moto waukulu ndi umenenso umang'ambula pamwamba: kunja kumauma n'kufota pamene mkati mukadali kutupa ndi nthunzi.

Chitini cha buledi ine sindichikonda pa ntchitoyi. Mbali zinayi ndi pansi zimakhala zotsekeka, ndiye nyama imabwata m'madzi ake m'malo mowotcheka, ndipo kankhoko kofiirira kamangopezeka pamwamba pokha. Chigwiritseni ntchito ngati chikombole basi. Yalanimo pulasitiki yokulungira zakudya, ikani nyama mukutsendera pang'ono makamaka m'makona kuti musatsale mphako za mpweya, kenako gadabuzirani pa thireyi yokhala ndi milomo, yomwe mwayalapo foilo kapena pepala lophikira. Chotsani chitini ndi pulasitikiyo. Mphepo yotentha izizungulira mbali zonse, mafuta azichucha kutali ndi nyama.

Mukaumba ndi manja, anyowetseni kaye. Mulitali ikhale masentimita 25, mulifupi 12, msinkhu 6 kapena 7, osapitirira. Kumapeto kukhale kobuntha, kofanana ndi pakati. Mukakusongola ngati bwato, nsongazo zidzauma pakati pasanapse. Ming'alu iliyonse imene mukuiona isalazeni ndi chala chonyowa, chifukwa kamng'alu kakang'ono ka pa nyama yaiwisi kamakhala chigwembe mu uvuni. Ngati nthawi ilipo, ilowe mu furiji mphindi 30 itaumbidwa, imasunga maonekedwe ake bwino.

Ngati mwakakamira chitinicho, mwina chifukwa chosakanizacho chafewa moti sichingaime pachokha, pakatha mphindi 45 chitulutseni, pendeketsani mosamala mukhuthule mafuta ndi madzi m'kapu, n'kubwezera. Yalaniko pepala lophikira lotulukira m'mbali kuti mudzanyamulire lofu.

Tinthu totuwa tija si choopsa. Ndi mapuloteni amene amatuluka ndi madzi a nyama n'kuundana akatentha, ofanana ndi thovu limene limayandama mukamawiritsa nyama m'poto. Timachuluka moto ukakula, kapena nyama ikakhala yoti inaumitsidwa mu firiza n'kusungunulidwa. Tipaleni ndi supuni musanapake sosi.

Chomaliza, ndipo ichi chokha chikhoza kuthetsa theka la kunyenyekako: musadule ikangotuluka. Nthawi imeneyo mafuta ndi msuzi zili madzimadzi, dzira ndi buledi sizinakhazikike. Isiyeni mphindi 15, mutaiphimba ndi foilo momasuka, osati motsekereza, kuopa kuti nthunzi ingafewetse kankhoko. Dulani ndi mpeni wautali wakuthwa, kapena wa manomano wodulira buledi, mukucheka mopita ndi kubwera, osadinikiza. Zidutswa zikhale zochindikala masentimita awiri. Zopyapyala zidikire mawa ikazizira.

Mukafuna kuphikira anthu ambiri, umbani malofu awiri, osati chimodzi chachikulu. Nthawi yophika imatsatira kuchindikala, osati kulemera.

WoyambaKumene

Zikomo kwambiri akuluakulu, zamveka. Funso lina: nanga ndidziwa bwanji kuti pakati papsa osaidula? Ndipo ikapezeka kuti ola lakwana koma mkati mukuonekabe mofiirira ngati pinki, ndiye kuti ndi yaiwisi? Thermometer ya nyama ndilibe.

DigiriZolondola

Mtundu wa nyama musaudalire, umanama mbali zonse ziwiri.

Choyamba mumvetse chifukwa chake nyama yogaya timaisamala kuposa steki. Pa nthuli yathunthu tizilombo timakhala kunja, ndipo moto umatipha msanga. Makina ogayira amatenga za kunjazo n'kuzimwaza paliponse, mpaka pakati penipeni. Tizilombo ngati E. coli ndi Salmonella tikakhalapo, tili mkati mwa lofu yonse. N'chifukwa chake pakati payenera kufika madigiri 71 pa nyama ya ng'ombe, nkhumba kapena nkhosa, ndi madigiri 74 pa ya nkhuku kapena nkhukundembo. Mukamawerenga maphikidwe a ku America mupeza 160 ndi 165. Amenewo ndi madigiri a Fahrenheit, kutentha kwake n'komweko. Chimodzimodzi 350 ya uvuni ndi 175 yathu ija.

Nyama ikhoza kusanduka yabulauni isanafike pa 71, makamaka ngati yakhalitsa pa mpweya kapena mu firiza. Unduna wa zamalimidwe wa ku America, USDA, umachenjeza kuti baga imodzi mwa zinayi zilizonse imasintha mtundu isanapse mokwanira. Mbali inayo, meatloaf yopsa bwinobwino ikhoza kukhalabe yapinki. Mchere wa nitrite umene uli mu bacon kapena ham, ndi nitrate wachilengedwe wa m'masamba ena monga celery ndi anyezi, umagwirana ndi chinthu chimene chimafiiritsa nyama n'kuchisiya chapinki ngakhale chitatentha. Uvuni wa gasi nawonso nthawi zina umasiya mzere wapinki cha kunja kwa lofu. Pinki wotereyu mumuzindikira: nyama yake ndi yolimba, yotentha, yooneka ngati ham. Yaiwisi imakhala yofewa, yonyezimira, yomata ku mpeni.

Thermometer ndi kachipangizo kakang'ono, ndipo kwa wophika meatloaf kawirikawiri ndi yofunika kuposa chitini. Ilowetseni kuchokera pamwamba kapena kumapeto mpaka nsonga yake ifike pakatikati, osakhudza thireyi. Yambani kuyeza pa mphindi 50, muziyeza malo awiri. Kutentha kumakwerabe pang'ono lofu ikamapuma kunja, choncho ikangofika 71 itulutseni, musadikire 80. Madigiri owonjezerawo ndi msuzi umene mukutaya. Kuti mudziwe ngati thermometer ikunena zoona, iviikeni m'kapu yodzaza ayezi ndi madzi pang'ono, iwerenge 0.

Pamene mulibe, chitani izi, podziwa kuti n'zongoyandikira. Bayani pakati ndi kachitsulo kowonda kapena mpeni waung'ono, kasiyeni masekondi 10, katulutseni n'kukagunditsa kuseri kwa dzanja. Kakhale kotentha moti simungapirire. Kakangokhala kofunda, bwezerani mphindi 10 zina. Msuzi wotuluka pabowopo ukhale woyera, wopanda magazi, ndipo mukadina pamwamba pa lofu pazibwerera, osati kulowa ngati matope. Ngati odya ake ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala, musachite manyazi kuidula pakati n'kuona. Mukakayika, zidutswazo zimalizeni m'chiwaya.

Musaiphike theka n'cholinga chodzamaliza madzulo. Kutentha kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi kumene tizilombo timaswana mofulumira. Mukafuna kukonzeratu, umbani yaiwisi, phimbani, ikhale mu furiji osapitirira tsiku limodzi, ndipo powotcha muwonjezere mphindi 10 popeza ikulowa ili yozizira kwambiri.

Yotsala ilowe mu furiji pasanathe maola awiri chiitulutsireni, kapena ola limodzi ngati kunja kwatentha kupitirira madigiri 32. Mu furiji imakhala masiku atatu kapena anayi. Mu firiza, miyezi itatu isanayambe kutaya kukoma. Iduleni kaye, chidutswa chilichonse muchikulunge pachokha, kuti muzitenga chokhacho mukufuna. Yaiwisi yathunthu nayo imaumitsika, koma isungunukire mu furiji, zomwe zimatenga tsiku lathunthu kapena kupitirirapo, osati pa tebulo. Potenthetsanso ifike 74. Ndipo mbale, thabwa ndi manja zomwe zakhudza yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanagwire saladi.

Kankhoko

Anzanga athana ndi zamkati, ine ndinene zapamwamba, poti tomato sosi ija mukupaka poyambirira pa madigiri 220 iyenera kuti ikumada bii m'mbali.

Sosi yapamwamba imafuna zinthu zitatu zolimbana: kutsekemera, kuwawasa ndi mchere. Tomato sosi ya m'botolo theka la kapu, omwe ndi mamililita 120. Shuga wabulauni masupuni aakulu awiri. Viniga supuni yaikulu imodzi. Masitadi supuni yaing'ono imodzi. Viniga musamudumphe. Nyama yonona ndi shuga popanda chowawasa zimakola msanga, munthu amangodya chidutswa chimodzi n'kukhuta nazo. Okonda zowawa athire tsabola wofiira pang'ono.

Nthawi yopaka ndi imene imasiyanitsa. Poyamba lofu imakhala yonyowa ndipo imatuluka thukuta, ndiye sosi imangotsetsereka n'kukapserera pa thireyi. Dikirani mphindi 35 kapena 40 kunja kuume ndi kufiira pang'ono. Palani totuwa tija, pakani theka la sosi pamwamba ndi m'mbali. Theka linalo lipite kutatsala mphindi 10 kapena 15. Kupaka kawiri mopyapyala kumapereka chikuto chonata, chowala. Kupaka kamodzi mochindikala kumasiya phala la tomato. Mukafuna madontho oderako, yatsani moto wapamwamba wokha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu pomaliza, inu mutaima pomwepo. Shuga sachedwa kupserera.

Ena m'malo mwa sosi amakulunga ndi bacon. Asankhe wopyapyala, azisanjika mopingasa, chidutswa chikukwera pa chinzake pang'ono, nsonga azipinda kunsi kwa lofu kuti zisapotoke. Mchere wa mkati achepetse, ndipo asadabwe ndi pinki uja pansi pake.

Zotsalira pa thireyi musataye zonse. Tapani mafuta masupuni aakulu awiri muike m'kapoto, thirani ufa wa tirigu masupuni awiri, takasani pa moto wapakati mpaka ufiire, kenako msuzi wa nyama makapu awiri pang'onopang'ono mukutakasa kuti pasachite mibulu. Kokotani zofiirira zomatirira pa thireyi muthiremo, kusiya zakuda. Mphindi zisanu zokha gravy wapsa. Ameneyu amayenda bwino ndi mbatatesi zowiritsa n'kuphwanya, mnzake wakale wa meatloaf. Pambali pakhale chamasamba chosalemera, zitheba kapena kabichi wothira viniga.

Mukaizolowera muyese za mayiko ena. Ku Germany ili ndi dzina loseketsa lakuti falscher Hase, kutanthauza kalulu wabodza, ndipo kawirikawiri amabisa mazira owiritsa pakati. Yalani theka la nyama, ndandalikani mazira atatu kapena anayi osenda motsatizana, vundikirani ndi theka linalo, tsinani m'mbali bwinobwino. Poyeza kutentha nsonga ya thermometer ikhale mu nyama, osati m'dzira. Ku Italy amaitcha polpettone, ndipo amakonda kuthiramo tchizi wa Parmesan. Tchizi wosungunuka akakhala pakati, musiyire malire a masentimita awiri kuzungulira, apo ayi adzathawira pa thireyi yense.

Ya nkhuku imavuta kuposa zonse chifukwa ili ndi mafuta ochepa ndipo iyenera kufika 74. Gayitsani ya ntchafu, osati chidale chokha, muwonjezere bowa magalamu 200 wodula bwino ndi kukazinga mpaka madzi ake aphwe. Chosakaniza chake chimakhala chofewa, ndiye apa chitini chija chili ndi malo ake.

Kwa ine meatloaf imakoma koposa tsiku lachiwiri. Ikagona mu furiji mafuta ndi msuzi zimaundana, ndiye imadulika mosalala ngakhale mopyapyala, yoika pakati pa buledi ndi masitadi ndi nkhaka zoviika mu viniga. Yofuna kudya yotentha, musaiponye mu microwave ili yosaphimba, imauma ngati chikopa. Ikani chidutswa m'chiwaya chokhala ndi batala pang'ono, moto wapakati, mphindi zitatu mbali iliyonse. Mbali zodulidwazo zimachita kankhoko kamene lofu yathunthu sinakhale nako. Zonyenyeka za kumapeto zisatayidwe, ziphwanyireni mu supu ya tomato yothira pa pasta.

AnyeziNdiAdyo

A MpeniWakuthwa, pa kukanda mwandiwongola bwino, ndavomera. Ndingowonjezera ziwiri kwa a WoyambaKumene.

Ngati nyama ya mnofu ija mwagula kale ndipo ili mu furiji, isakhale yotaya. Thirani batala wozizira magalamu 50 wopala pa gireta, kapena sinthani mkaka ndi kirimu. Njira ina ndi gelatine, ufa umene umaundanitsa madzi, wosathira zokometsera: supuni yaing'ono ziwiri muwaze pa msuzi wa nyama wozizira mamililita 60, adikire mphindi zisanu atupe, mtenthetseni pang'ono asungunuke, kenako asakanizidwe ndi phala la buledi lija. Amagwira madzi mkati mwa lofu, ntchito imene nyama ya thole imagwira m'maphikidwe amene amasakaniza ng'ombe, nkhumba ndi thole.

Ndipo ulendo woyamba woyesa muyeso watsopanowu musaphike kilogalamu yonse. Gawani zonse pakati, magalamu 500 ndi dzira limodzi, muumbe lofu ya msinkhu wa masentimita asanu, muyambe kuyeza pa mphindi 35. Kapena dzazani timabowo ta thireyi ya makeke, muwotche pa 190 kwa mphindi 20 mpaka 25. Kalofu kamodzi mukhoza kukang'amba pakati n'kuona mmene kapsera popanda kuwononga tinato.